Galu Wamantha Si Galu Wachiwewe

Mwezi wa December umadza ndi phokoso la mitundu iwiri. Kumwamba mabingu amagunda nalindima m'phiri la Chiradzulu. Pansi pano anyamata amaphulitsa makombola kuyambira pa Khirisimasi kufikira usiku wolowera chaka chatsopano. Ife anthu timadziwa kuti phokosolo litha. Galu sadziwa zimenezo, ndiponso makutu ake ndi akuthwa koposa athu.

Tsono taonani galu wogwidwa ndi mantha: amanjenjemera, amapuma wefuwefu, dovu lili chuchuchu, ndipo akapeza mpata amaliyatsa liwiro osaona kumene akupita. Ena amathera pansi pa galimoto pa msewu wa ku Zomba, cha ku Njuli kapena ku Namadzi. Ena kumawachera m'mudzi wa eni, ndipo anthu akaona galu wachilendo wotuluka dovu sachedwa kufuula kuti, "Wachiwewe!" Pomwepo miyala ndi zibonga zimamgwera. Sitingawadzudzule kwambiri anthuwo, pakuti chiwewe chikangoonekera mwa munthu sichichizika. Koma mwina galu wophedwayo analibe nthenda ina koma mantha okha.

Mwini galu ndiye angapewe zonsezi, ndipo ayambe dzuwa lisanalowe. Mpatseni chakudya msanga, mumlowetse m'khitchini kapena m'kachipinda kamene anakazolowera, mumyalire chiguduli, mumuikire madzi, nimutseke chitseko. Wailesi yolankhula chapansipansi imathandiza kuphimba phokoso la kunja. Musam'mangirire ku mtengo, chifukwa polimbana ndi chingwe angadzipotokole khosi, ndiponso patsinde pa mtengo si pokhala mphenzi ikamang'anima.

Akabisala kunsi kwa nkhokwe, mlekeni. Apa ndinenetse kwa inu makolo, pakuti ana ndiwo amakonda kumkoka mwendo kapena mchira kuti atuluke, ndipo galu wamantha amaluma ngakhale mwana amene amam'gawira mkute m'mawa uliwonse. Kumkwapula kumangowonjezera manthawo. Mankhwala a anthu musampatse, ena mwa iwo angamuphe. Kafunseni kwa alangizi a ziweto.

Komabe galu wina amathawa ndithu, nakakumana ndi agalu osadziwika. Chomutchinjiriza kumeneko ndi katemera. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu mu mzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo mu 2016 ntchitoyo inafika m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimaleka kufala m'deralo. Galu wanu asatsale pamene ofesi ya ziweto yaitana.

Ngati mwana walumidwa, kaya ndi galu wa pakhomo kaya wachilendo, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nimupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musayambe mwadikira kuti muone ngati galuyo adwale.