Kuseri kwa Mpanda: Gawo Lachinayi

M'gawo lapitali, titatha chaka ku Dzaleka, ine ndi Baba tinapeza pokhala ku Area 12, kwa Agogo amene ankafuna munthu wosamalira maluwa ndi dimba lawo. Pitirizani.

Boyizikota inali kuseri kwenikweni kwa mpanda, pafupi ndi thanki ya madzi. Inali ya zipinda ziwiri: china cha Anaphiri, amene ankaphikira Agogo, china chathu. Baba anadula chathucho pakati ndi chitenje. Mbali yanga kunali mphasa, bulangete ndi katoni ya makope. Mbali yawo kunali matiresi ndi chikwama chakuda chimene tinachoka nacho kwathu ku Uvira, m'dziko la Congo. M'chikwamamo munkakhala mapepala athu ndi chithunzi cha amayi, amene anapita ndi madzi a mtsinje wa Mulongwe mu Epulo 2020. Mfuti za kumapiri zitasendera pafupi, chikwamacho chinaoloka nafe nyanja ya Tanganyika mpaka ku Kigoma, chinadutsa Mbeya, Songwe ndi Karonga. Baba sankagona asanachikhudze.

Tsiku linkayamba kusanache. Baba ankasesa masamba pabwalo, kenako n'kukathirira mpiru, repu ndi tomato. Ine ndinkakoleza mbaula, kuphika mbatata ndi tiyi, ndiye uyo ulendo wa kusukulu ku Kauma. M'misewu ya Area 12 m'mamawa simuoneka eni nyumba. Mumayenda alonda oweruka ndi azimayi opita kukachapa ndi kukaphika, ndipo mawu amene umamva ndi a agalu kuseri kwa mageti. Ukangolowa ku Kauma zonse zimasintha: akabaza akuliza mahutala, chigayo chikulira, ana ali piringupiringu m'njira. Kumeneko n'kumene mtima wanga unkakhala m'malo.

Chichewa sindinachiphunzire m'kalasi. Ndinachitola pa fulaye ndi pa phada, pokangana ndi pogawana zitumbuwa nthawi ya buleki. Pofika mu sitandade 5 aphunzitsi ankandiimika kuti ndiwerengere anzanga, ndipo panalibenso wokumbukira kuti ndinabwera ndikungodziwa Chiswahili ndi Chifalansa chapang'ono. Koma Baba lilime linawakanika. Ankamva zonse, koma akangoti "Muli bwanji", wogulitsa ankadzutsa mutu n'kuwayang'ananso kachiwiri. Ku Lilongwe aliyense wochokera kumtunda kuja ndi Mburundi, kaya kwawo ndi ku Rwanda kaya ku Congo. Choncho tinagawana ntchito popanda kukambirana. Kumsika waukulu wa m'tauni ine ndinkanenerera mitengo, iwo ankanyamula thumba pambuyo panga ali duu. Munthu amene kwathu anali mphunzitsi wa masamu, wolankhula pamaso pa ana tsiku lonse! Zinkandiwawa, koma iwo ankangomwetulira, amvekere, "Pakamwa panga ndi iweyo."

Anaphiri ndiwo anandiphunzitsa kuphika nsima ya ufa woyera yopanda mibulu, kuomola ndi chipande, ndi kugwada popereka madzi kwa akuluakulu. Baba anabzala chinangwa m'mbali mwa khoma, ndipo Lamlungu tinkasinja chigwada, kuthiramo nsinjiro, n'kukazinga usipa. Tsiku limenelo ankadya mosafulumira, akundisimbira za asodzi a kwathu amene amayatsa nyali panyanja usiku wonse.

Agogo anali namwino wopuma pantchito, kwawo ku Dedza. Magetsi akazima madzulo ankatiitanira pakhonde lawo. Ankatiuza za m'ma 1980, pamene anthu a ku Mozambique ankalowa m'dziko muno usana ndi usiku mpaka kukwana miliyoni. Ena ankalima limodzi ndi abale a Agogo, kudyera mbale imodzi, ndipo nkhondo itatha mu 1992 ambiri anabwerera kwawo. Dzaleka ankaidziwanso, koma mwa njira ina.

"Isanakhale kampu mu 1994 inali ndende, nthawi ya Kamuzu," anatero tsiku lina. "Mlongo wanga anatulukako mano atatha m'kamwa. Mwana uyu sindingam'pititse kumeneko ndi manja anga."

Kumapeto kwa Malichi 2023, dziko likadali m'maliro a namondwe wa Freddy, wailesi inalengeza kuti boma lalamula othawa kwawo onse okhala m'mizinda ndi m'midzi kuti abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo. Lamulolo silinali lachilendo, pakuti malamulo a dziko lino salola wothawa kwawo kukhala kapena kugwira ntchito kunja kwa kampu popanda chilolezo. Koma ife kampuyo tinkaidziwa bwino: anthu opitirira 50,000 pamalo okonzera anthu osaposa 12,000, mzere wa pamjigo woyamba pakati pa usiku, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, mphepo ya ku Dowa yolowa m'mafupa. Baba anatseka wailesi, nakhala nthawi yaitali akuyang'ana yunifolomu yanga pachingwe.

Pa 15 Epulo panadutsa popanda kanthu. Meyi analowa, anthu nayamba kunena kuti zinali zongoopseza. Baba okha sanakhulupirire. Usiku wina anagogoda pachitseko cha Anaphiri, ine ndili pambuyo pawo.

"Mayi, ndili ndi pempho," anatero m'Chichewa chawo chodukaduka. "Akabwera, mwana uyu ndi wanu. Mwana wa mng'ono wanu, wa ku Mitundu."

"Achimwene, bodza limeneli ndi lolemera. Likadzaululika, tonse tili m'madzi."

"Ndikudziwa. Koma amalize sukulu. Ine ndipita ndekha."

Anaphiri anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangogwedeza mutu kuvomera. Baba anatembenukira kwa ine, nalankhula chakwathu.

"Ukadzandiona m'manja mwawo, sukundidziwa. Wamva?"

"Baba, sindingathe."

"Lonjeza, mwanangu."

Ndinalonjeza. Ndinali ndisanawaonepo akugwetsa misozi, ndipo ndinaona kuti ndikakananso ayamba usiku womwewo.

Lachitatu pa 17 Meyi kunacha kozizira. Ndinapita kusukulu manja ali m'khwapa, poti juzi yanga inali itandichepera kalekale. Baba anandiyang'ana ndikutuluka pageti, osanena kanthu. Pobwerera masana ndinapeza paipi yothirira ili pansi, dimba louma.

"Apita m'tauni, ku kaunjika wa kwa Tsoka," anatero achikulire olondera pageti. "Anati ndisakuuze, akufuna ukangoona."

Mtima wanga unangoti myuu. Anapita okha, wowalankhulira atam'siya kusukulu.

Cha m'ma 4 koloko Anaphiri anatuluka m'khitchini akuthamanga, foni ili m'manja. Anthu anali kutumizirana uthenga kuti apolisi ndi asilikali akugwira othawa kwawo ku Mgona ndi m'madera ena a mzinda, masitolo awo akutsekedwa, ndipo ogwidwawo, amayi ndi ana omwe, akuwatengera kundende ya Maula. Agogo anaimbira Baba. Foni inaitana, inaitananso, kenako inasiya kupezeka.

"Tiye, mwanawe, msanga," anatero Anaphiri. Tinasamutsira mphasa, makope ndi yunifolomu m'chipinda chawo, n'kuchotsa chitenje chija. Chikwama chakuda ndinachigwira, koma manja anga anakana kuchisuntha pamalo pamene Baba anachisiya. Nsima inaphikidwa, inazizira m'mbale. Agogo anakhala pakhonde ndi shawelo, akupemphera chapansipansi.

Itangokwana 8 koloko, hutala inalira pageti. Agalu a nyumba zonse zoyandikana anayamba kuuwa. Galimoto inalowa pang'onopang'ono, ndipo munatsika amuna awiri a yunifolomu. Pakati pawo panali Baba, fumbi lili m'mawondo, m'manja muli kajumbo kakuda. Miyendo yanga inafuna kuthamanga, koma Anaphiri anandigwira mkono mwamphamvu n'kundikokera kumbuyo kwawo.

"Pepani mayi, takusokonezani usiku," wamkulu wa awiriwo anauza Agogo mwaulemu. "Tadzatenga mapepala a bambowa. Akuti amakhala okha kuno."

"Munthu ameneyu sanabepo ngakhale tomato mmodzi pakhomo pano," anayankha Agogo. "Mukupita naye kuti?"

"Ife tatumidwa, mayi. Si ife tinalemba lamulo."

Mnzake analowa m'chipinda chathu ndi tochi, natuluka ndi chikwama. Anachitsegulira pa boneti. Wamkulu uja anawerenga pepala lathu la kukampu, chala chake chikutsika pang'onopang'ono, mpaka chinaima.

"Apa alembapo anthu awiri. Mwanayu ali kuti?"

"Ali Dzaleka," anatero Baba maso ali pansi. "Kwa azakhali."

Bamboyo sanatsutse. Anangotenga kajumbo kaja m'manja mwa Baba n'kusolola zimene zinali m'katimo. Inali juzi yofiira, ya mabatani oyera, yokwana ine ndendende. Anaitambasula m'mwamba, kenako tochi inayenda pabwalo ponse, pa Agogo, pa achikulire a pageti, pa Anaphiri, mpaka inafika pankhope panga.

"Nanga mtsikanayu ndi wa ndani?"

"Wa mng'ono wanga, bwana, wa ku Mitundu," anayankha Anaphiri, mawu akunjenjemera.

"Sindikufunsa inu, mayi."

Anayandikira, nanjuta kuti maso athu alingane. M'dzanja limodzi munali juzi, m'dzanja lina pepala lokhala ndi chithunzi changa cha ku Karonga, ndili wamng'ono, tsitsi lometa. Kumbuyo kwake Baba anadzutsa mutu koyamba usiku umenewo. Anandiyang'ana m'maso, napukusa mutu pang'ono kwambiri, moti ndi ine ndekha amene ndinaona.

"Usaope, mwana wanga," anatero wapolisiyo. "Ndiuze zoona. Bambo awa ndi ndani wako?"

Kodi mtsikanayu asunga lonjezo n'kuwakana bambo ake, kapena awavomera n'kukwera nawo galimoto? Musaphonye gawo lachisanu.