Moto Wobisika m'Nthunzi

M'mawa wina wa mwezi wa Julaye, chisanu chitagwira Kabwazi yense, ndidakumana ndi mayi wina pakhonde la chipatala atafukata mkono wake ngati khanda. Sadagwere pamoto, ndiponso madzi sadamtayikire. Adangovundukula mphika wa nyemba, nthunzi n'kumuwomba. Chomwe chidamuzunguza mutu n'chakuti chinthu chopepuka chotere chingatulutse bwanji matuza aakulu chomwecho.

Yankho lake lili mumphika momwemo. Madzi akayamba kuwira saonjezeranso kutentha, ngakhale musonkhezere mtolo wonse wa nkhuni. M'mbali mwa nyanja ya mchere amawira pa madigiri 100, koma kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka ndipo supanikiza madzi kwambiri, kotero amawira msanga. Pa Boma la Dedza, pamene patalika mamita pafupifupi 1,600, amawira pa madigiri 95 kapena cha pomwepo. N'chifukwa chake nyemba zimachedwerako kufewa kuno kusiyana ndi ku Mtakataka. Komatu musanyengedwe nazo: madzi a madigiri 60 okha amawononga khungu m'masekondi owerengeka, ndipo khungu la mwana, pokhala lopyapyala, limapsa msanga koposa.

Nanga ngati madziwo sakuonjezera kutentha, moto wa pamafuwa ukupita kuti? Ukulowa m'nthunzi. Kuti lita imodzi ya madzi owira isanduke nthunzi yonse, pamafunika kutentha koposa kasanu kuja kumene kudawiritsa madziwo kuchokera pozizira. Mayi aliyense akudziwa kuti mphika suchedwa kuwira, koma kuti uphwe pamapita nthawi yaitali. Kutentha konseko nthunzi imakusenza mobisa. Ikakhudza chinthu chozizira, monga mkono, imasandukanso madzi ndi kutula katundu wake yense pamenepo. Amene adaonererapo potcheza kachasu (sindikuyamikira ntchitoyo ayi) adaona kuti madzi oziziritsira mpope amafunda msanga, mpaka kumawasintha. Chimene mpope umachitira madzi aja ndicho nthunzi imachitira khungu.

Choopsa china n'chakuti nthunzi yeniyeni sioneka. Yang'anitsitsani pakamwa pa ketulo: pali kampata koyera mbee, kenaka ndi pamene payambira chiutsi choyera. Chiutsicho ndi timadontho tomwe tayamba kale kuzizira. Moto weniweni uli pakampata paja. Choncho povundukula mphika, pendeketsani chivundikiro kuti nthunzi ithawire kutali ndi inu, ndipo mwana asakhale pamiyendo kapena kusuzumira.

M'zaka za 2020 ndi 2021, pa mliri wa Covid-19, anthu ambiri adabwerera ku mwambo wofukiza ndi masamba a bulugamu atafunda bulangeti. Nthunzi siipha kachilombo kamene kalowa kale m'thupi, ndipo munthu amene ali mumdima wa bulangeti sachedwa kugubuduza beseni pantchafu pake. Kwa ine, mwana sayenera kufukizidwa motere ngakhale pang'ono.

Ngozi ikachitika, ntchito yoyamba ndiyo kuchotsa kutentha kumene kwatsalira m'mnofu, pakuti kumapitirira kuwononga ngakhale mphika uli kutali. Thirani madzi ozizira aukhondo, a pamjigo kapena mumtsuko, mosalekeza kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, ndiponso chovala chonyowa ngati sichidamatirire pakhungu. Phala limakakamira, nalo litsukeni msanga. Poti kuno kumazizira, thupi lotsalalo la mwana lifunditseni pamene mukuziziritsa chilondacho.

Mayi uja adafika atapaka dzira laliwisi. Ena amapaka mankhwala otsukira mano, ufa, mafuta ophikira kapena phulusa. Zonsezi zimabweretsa majeremusi, ndipo anamwino amayenera kuzipala kaye, wodwala akumva ululu woonjezera. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yochapa bwino, basi.

Chilonda chikakula kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena chikakhala kumaso, m'manja, kumaliseche ndi mopindika ziwalo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Khanda ndiye musaliyeze ndi chikhatho n'komwe. Chilonda chotuwa chimene sichikupweteka ndicho chozama kwambiri. Zikapitirira mphamvu ya chipatala chaching'ono, adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Dedza, ndipo zikafunika, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli chipinda chapadera cha anthu opsa.