ANZERU AMENE SABISA ZIPANGIZO ZAO

Munthu ali yense wa pa mgodi adziwa kuti mwala usanapite ku ng'anjo uyamba wayesedwa, kuti adziwe mkuwa umene uli m'kati mwace. Anzeru ofuna misanganizo yatsopano yopangira zinthu monga mabatire ayesanso cimodzimodzi. Koma kale nchito yao inali kudya zaka zambiri, pakuti anali kusanganiza ndi kuocha msanganizo umodzi umodzi ndi manja.

M'caka ca 2011, pa Lawrence Berkeley National Laboratory ku California, Mai Kristin Persson ndi anzao anayamba nchito yochedwa Materials Project. Makompyuta akuru awerengeratu makhalidwe a cinthu cisanapangidwe konse: ngati cidzakhazikika kapena kuphwasuka, ndi ngati cidzasunga magetsi. Mayankho ace aikidwa pa intaneti, ndipo wowafuna salipira kanthu. Ngakhale malangizo opendera mayankhowo, ochedwa pymatgen, ali poyera. Ali yense angathe kuwawerenga, kukonza polakwika, ndi kupatsako mnzace.

M'caka ca 2023, pa malo omwewo, anaonetsa A-Lab, nyumba m'mene manja a makina apima ufa, nauika m'ng'anjo, nayesa coturukamo, usana ndi usiku. M'masiku 17 makinawo anayesa kupanga misanganizo 58. Eni ace analengeza kuti yambiri inatheka, koma anzeru ena, atapenda zolembedwazo, anatsutsa kuti ina sinali yatsopano. Akadabisa nchito yao, palibe akadatha kuwafunsa.

Nkhani iyi ifika ndi ku migodi ya ku Copperbelt. Mabatire a lithium-ion oyamba kugulitsidwa, m'caka ca 1991, anali ndi kobalti, citsulo cimene cipezeka pamodzi ndi mkuwa m'Zambia ndi m'Congo. Lero magalimoto ambiri oyendera magetsi ali ndi mabatire a citsulo wamba ndi fosifeti, opanda kobalti. Tsono msanganizo umene anzeru apeza kutali ungathe kukweza kapena kutsitsa mtengo wa mwala umene munthu aukumba pansi.

Koma popeza zipangizozi siziri zogula, mwana wa munthu wa pa mgodi wophunzira pa Copperbelt University ku Kitwe angathe kutenga pymatgen yemweyo amene agwira naye nchito a ku California, nayamba kufunsa yekha zimene miyala ya kwao ingapange.