Waya woyera amene amapulumutsa anthu m'chifunga cha Dedza

Amene mumakhala ku Dedza mukudziwa momwe chifunga chimatsikira m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, limabisika lonse, ndipo pa msewu wa M1 galimoto yomwe ili kutsogolo imangooneka ngati mthunzi. Komatu msewu sumapuma. Mathiraki ochokera ku Mozambique amalowa pa chipata cha Dedza, ena akupita ku Lilongwe, ena ku Blantyre, pomwe magalimoto ang'onoang'ono akukoka ngolo zodzaza mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Bembeke ndi ku Lizulu.

M'nyengo yotereyi, dalaivala wa m'mbuyo amadalira magetsi ofiira a ngolo ili patsogolo pake. Tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Magetsi a buleki akapanda kuyaka, wam'mbuyoyo n'kuchedwa ndi masekondi awiri, wadya kale mamita 44. Ndiye lero ndikufuna tione momwe magetsi amafikira ku ngolo, chifukwa physics imene mukuphunzira ya MSCE ili m'menemo yonse.

Mawaya 7, aliyense ndi ntchito yake

Kumbuyo kwa galimoto yokoka ngolo kumakhala soketi, ndipo ngolo imakhala ndi pulagi yake. Yodziwika kwambiri pa magalimoto ang'onoang'ono a 12 V ndi ya mapini 7, asanu ndi limodzi mozungulira, imodzi pakati. Dongosolo lake limatchedwa ISO 1724, ndipo lili motere:

Pini 1, waya wachikasu: indiketa ya kumanzere.
Pini 2, wabuluu: getsi la chifunga lakumbuyo.
Pini 3, woyera: earth.
Pini 4, wobiriwira: indiketa ya kumanja.
Pini 5, wabulawuni: getsi lakumbuyo la kumanja.
Pini 6, wofiira: magetsi a buleki.
Pini 7, wakuda: getsi lakumbuyo la kumanzere.

Polumikiza, tsatirani manambala olembedwa pa pulagi pomwepo, osati kungokumbukira malo. Pulagi ndi soketi zimayang'anizana ngati munthu ndi galasi, choncho kumanja kwa ichi ndi kumanzere kwa chinzake. Mukasinthanitsa wachikasu ndi wobiriwira, dalaivala akhotera kumanja ngolo ikuuza anthu kuti akupita kumanzere. Mwaona ngozi yake?

Magetsi amapita, amabweranso

Mawaya 6 amatenga magetsi kupita nawo ku mababu. Wobwezera ndi m'modzi yekha, woyera uja. Paja munaphunzira kuti babu sayaka ngati circuit siili yathunthu, eti? M'galimoto, mbali ya negative ya batire imamangidwa ku chitsulo cha galimotoyo, ndiye chitsulocho ndicho njira yobwerera. Ngolo ndi chitsulo china chapadera. Imakhudzana ndi galimoto pa chokokera pokha, pomwe pamakhala girisi, fumbi ndi dzimbiri, komanso pamagwedera pa bampu iliyonse. Njira yotere siyodalirika.

Ndinaonapo pa galaja ina pa boma makaniko akulimbana ndi ngolo yomwe magetsi ake ankachita zodabwitsa. Akayatsa indiketa, magetsi onse akumbuyo ankaphethira limodzi mofooka. Mwini wake anali atagula kale mababu atsopano. Makaniko uja sanawagwire n'komwe. Anangoti, "Bambo, mababu anu alibe mlandu, earth yachita dzimbiri." Anamasula bawuti pomwe waya woyera amamangidwa ku chitsulo, n'kupala ndi sandipepa mpaka kuwala, n'kumanganso. Basi, zonse zinalongosoka.

Chimachitika ndi ichi. Babu wakumbuyo nthawi zambiri amakhala ndi timawaya tiwiri m'kati, ka 21 W ka buleki ndi ka 5 W koyaka usiku, ndipo tonse timabwezera magetsi pamalo amodzi. Njira ya earth ikatsekeka, magetsi amafuna pena pothawira. Amadutsa m'kawaya kachiwiri kaja chobwerera, n'kukatulukira ku mababu ena. Mababu amene anayenera kukhala mu parallel asanduka a series, n'chifukwa chake amayaka mofooka. Choopsa kwambiri chimabwera usiku. Magetsi akumbuyo ali chiyakire, dalaivala n'kuponda buleki, mbali zonse ziwiri zimakhala ndi 12 V. Palibe kusiyana kwa voltage, ndiye palibe current. Getsi limazima pa nthawi yeniyeni imene limafunika kuwala kwambiri.

Tiyese ndi masamu

Lamulo la Georg Ohm, limene analisindikiza mu 1827, limati V = IR, ndipo mukudziwanso kuti P = VI. Babu wa 21 W pa 12 V amakoka 1.75 A. Mababu awiri a buleki mu parallel amakoka 3.5 A, kutanthauza kuti resistance yawo pamodzi ndi pafupifupi ma ohm 3.4. Tsopano tiyerekeze kuti dzimbiri laonjezera ohm imodzi yokha pa earth. Zonse pamodzi ndi 4.4, current yatsika kufika pa 2.7 A, ndipo mababu akulandira pafupifupi 9.3 V m'malo mwa 12 V. Zotsalazo zikuthera pa dzimbiri ngati kutentha. Masana pa dzuwa mwina simungazindikire, koma m'chifunga getsi lofooka limaoneka munthu atayandikira kale. Kuno kumapiri chinyezi n'chambiri, ndiye dzimbiri silichedwa.

Nanga mabuleki enieni?

Apa ambiri amasokoneza. Waya wofiira amangoyatsa magetsi, sagwira mateyala. Ngolo zing'onozing'ono zambiri zilibe mabuleki awoawo, zimadalira a galimoto. Zokulirapo zimakhala ndi buleki yogwira ntchito ndi lamulo loyamba la Newton: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imafuna kupitirira, imakankha chokokera, ndipo kukankhako kumakoka chingwe chomanga mabuleki. Pa mtsetse wokhotakhota wa Khwekhwerere, wotsikira ku Golomoti, ndi pomwe munthu amadziwira kufunika kwake.

Mathiraki akuluakulu amagwiritsa ntchito mpweya. Mukadzaona thiraki itaima pa chipata, yang'anani kumbuyo kwa mutu wake. Muona mapayipi opotana: wofiira amadzaza mpweya m'matanki a ngolo, winayo, wachikasu kapena wabuluu, amapereka uthenga wa buleki. Wofiirayo akaduka, mabuleki a ngolo amagwira okha, kuti ngolo yothothoka isathamange yokha. Magetsi awo ndi a 24 V, pulagi yake ndi ya ISO 1185, ndipo pamenepo earth ili pa pini 1, buleki pa pini 4. Choncho dongosolo la galimoto yaing'ono musalitengere ku thiraki. Mathiraki a masiku ano alinso ndi pulagi ina, ya ISO 7638, yopereka magetsi ku ABS, imene imaletsa mateyala kuuma n'kuyamba kutsetsereka.

Zimene mungachite inuyo

Ngati malume kapena bambo anu ali ndi ngolo, apempheni muwathandize asananyamuke. Iwo akhale pa chiwongolero, inu muime kumbuyo, chapambali. Ayatse indiketa ya kumanzere, kenako ya kumanja, kenako magetsi a usiku. Pomaliza aponde buleki magetsi a usikuwo ali chiyakire, chifukwa apa ndi pomwe earth yodwala imadziulula. Pogwira mawaya, chotsani kaye waya wa negative pa batire. Fyuzi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, osamangapo kawaya ayi, chifukwa fyuzi imapsa kuti mawaya asayake moto. Ndipo magetsi akayamba kuphethira mosokonezeka, musathamangire kugula babu. Yambani mwaona waya woyera.