Ndalama za m'kabati si zanu zonse

Mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe anandifunsa tsiku lina: "Achimwene, malonda akuyenda ndithu, nanga bwanji tulo sindikupeza?" Ndinawamvetsa. Nanenso nditatsegula kaokala zaka zapitazo, ndinkayesa kuti ndalama zonse za m'kabati madzulo ndi zanga. Ndinkatapamo ya ndiwo, ya chipepeso pamaliro, ya minibasi. Tsiku lokapikula katundu likafika, mtima unkangoti phaphapha.

Chinanditsegula maso ndi chimanga cha agogo. Iwo ankapatula cha mbewu n'kuchipachika kudenga la khitchini, pautsi, ndipo njala ya mu February ilume bwanji, sankachikhudza. Mpamba ndiye mbewu imeneyo. Phindu ndi chimanga chopita kuchigayo. Nkhawa yambiri imabwera poti sitidziwa kuti tikudya chiti.

Ndiye madzulo alionse yambani mwapatula ndalama yokapikulira katundu amene watuluka, pamtengo wa mawa osati wa dzulo. Kwacha itagwa mu November 2023, ambiri anagulitsa bwino koma mashelefu osadzazanso. Ndalamayo ikhale potalikirako ndi dzanja, kaya ku Airtel Money kaya ku TNM Mpamba. Pa zotsalazo dzilipireni malipiro okhazikika ngati wantchito, kangachepe kapite ku banki m'khonde. Wotenga pangongole alembedwe, ngakhale akhale alamu anu.

Mwina mupeza kuti phindu n'lochepa kuposa mmene munkaganizira. Zimawawa, koma mugona tulo. Gulani kope lero, muyambe kulemba madzulo ano.