Akati "dzina lanu silioneka", kodi cagwa n'ciani?

Mvula yoyamba ikayandikira, pamakomo a ogulitsa feteleza ndi mbewu ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi pamakhala mizere ya alimi. Pamizere imeneyi pamamveka mau awiri kawirikawiri. Ena amauzidwa kuti "system yagwa", ena kuti "dzina lanu silioneka". Alimi ambiri amayesa kuti ndi vuto limodzi, motero amabwerera kumudzi kukayembekeza. Koma awa ndi matenda awiri osiyana. Oyambawo nthawi zambiri amapola okha. Aciwiriwo sapola, ngakhale mutayembekeza mpaka cimanga ca anzanu citacita ngayaye.

Boma linayamba kuthandiza alimi ang'onoang'ono ndi feteleza wotsika mtengo mu 2002, ndipo mu 2009 pulogalamuyi inapatsidwa dzina la FISP. Mu 2015 njira ya e-voucher inayesedwa m'maboma 13, ndipo mu 2017 inafalitsidwa dziko lonse, maina a alimi nalowetsedwa m'kaundula wa pakompyuta wochedwa ZIAMIS. Amene analipira K400 yao m'nyengo ya 2017/2018 akukumbukira mmene makhadi ena anacedwera kutseguka ndi mmene netiweki inavutira kumidzi, kotero kuti caka cotsatira boma linabwezera maboma ena ku njira yakale yogawira matumba. Kuyambira nthawi imeneyo, feteleza wa mlimi wadalira kwambiri zolembedwa m'kompyuta imene mlimiyo sanaionepo.

Ganizirani ofesi ya parishi. Inu mwabwera pawindo kudzafuna kalata ya ubatizo. Mlembi sasunga maina m'mutu. Amalowa mkati, natsegula kabati, nafufuza m'buku lalikulu la ubatizo, kenaka nabwera ndi yankho. Webusaiti yotere imagwira nchito cimodzimodzi. Foni kapena kompyuta ya wogulitsa ndiyo windo, ndipo netiweki ndiyo njira yofikira paofesi. Pulogalamu ya webusaiti, imene imakhala pa kompyuta yaikulu yochedwa seva, ndiye mlembi. Buku la m'kabati ndilo akatswiri amati database, nkhokwe ya maina ndi manambala. Cimene muona pagalasi la foni si cinthu cosungidwa kale ai, ndi yankho limene mlembiyo wakonza nthawi yomweyo atafunsa nkhokwe.

Tsono cinthu cikakana, funso loyamba n'lakuti cafa ndi citi mwa zitatuzi. Njira yoyesera ndi yapafupi. Pafoni yomweyo tsegulani cina, kaya WhatsApp kaya Facebook. Zonse zikakana, vuto ndi netiweki kapena mabando atha, ndipo ku Lusaka kulibe mlandu. M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba magetsi namazima maola ambiri, netiweki inali kusowa motere m'malo ambiri. Koma zina zikatseguka, iyo yokha nikana, yang'anani nambala imene yalembedwa. Nambala 404 itanthauza kuti tsamba limene mwapempha kulibe, mwina keyala yalembedwa molakwika. Nambala 500 itanthauza kuti pulogalamu yapunthwa mkati. Nambala 503 itanthauza kuti seva yalemedwa kapena ikukonzedwa.

Kulemedwa kumeneku sikodabwitsa. Nkhokwe iliyonse ili ndi malire a anthu amene ingayankhe nthawi imodzi. Mwacitsanzo MySQL, imene mawebusaiti ambiri padziko amagwiritsa nchito, imabwera italoleza zitseko 151 cabe, pokhapokha woikonza atawonjezera. M'mwezi wa May zitsekozo n'zokwana. Koma m'November, pamene dziko lonse lifuna feteleza sabata imodzi, n'cimodzimodzi cigayo cimodzi pamudzi pamene mawa kuli ukwati. Palinso za mlozera. Buku la ubatizo lopanda mndandanda wa maina kumapeto limacititsa mlembi kutembenuza tsamba lililonse. Nkhokwe ya maina miliyoni imodzi yopanda mlozera wotere, umene amati index, imacita zomwezo pa funso lililonse. Zonsezi ndi nchito ya okonza webusaiti. Inu mlimi mungathe kungoyesanso m'mamawa kapena madzulo anthu atacepa.

Nkhani ya "dzina silioneka" ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, cifukwa apa makina onse ali moyo. Mlembi wapita kukabati, wafufuza, ndipo cimene munamuuza sanacipeze. Kompyuta ilibe nzeru za a katekisti amene adziwa kuti Tiyezge wa m'buku ndi Tiyezye wa pawindo ndi mwana mmodzi wa a Nyirenda. Kwa iyo, Phiri ndi Piri ndi anthu awiri. Ndiye cifukwa cake makaundula a boma amadalira nambala ya citupa ca NRC, ya manambala sikisi, kamzere, manambala awiri, kamzere, ndi nambala imodzi. Wolemba akasinthanitsa manambala awiri cabe, kulemba 31 m'malo mwa 13, mlimi weniweniyo wasowa. Coipa koposa, nambala yolakwikayo ingakhale ya munthu wina, ndipo iyenso pobwera adzauzidwa kuti analembetsa kale. Nkhokwe yokonzedwa bwino imakana nambala imodzi kulowa kawiri, ndipo n'zoyenera, pakuti ndimo amagwirira alimi a m'mphepo ndi olembetsa m'makopaletivu awiri. Koma lamulo lomwelo limapweteka wosalakwa ngati colakwa cinalowa poyamba.

Pali tizirombo tina tating'ono timene okonza mawebusaiti kuno kwathu ayenera kutidziwa. Nambala zathu za foni zimayamba ndi ziro, monga 097, 096 ndi 095. Mndandanda ukalembedwa mu Excel, danga la foni likaikidwa ngati la masamu, ziro wa kutsogolo amagwa, ndipo uthenga wa mlimi sufika. Masiku nawonso amasokoneza. Ife 03/11 timati pa 3 November, koma kompyuta yochedwa mwa Cimereka imawerenga kuti pa 11 March. Cilembo ca ŵ, cimene ena amalemba m'maina, cimasanduka cizindikiro ca funso kapena Åµ ngati nkhokwe ndi tsamba sizinagwirizane kugwiritsa nchito UTF-8.

Koma kacirombo kosangalatsa ndi kakoma ka m'mwamba ka m'maina monga Ng'andu, Ng'uni kapena komboni ya Ng'ombe. M'cinenero ca SQL, cimene pulogalamu imalankhulira ndi nkhokwe, kacizindikiro komweko ndiko kamatseka mau. Wokonza waulesi akangomata dzina m'funso mmene lilili, nkhokwe imawerenga "Ng" n'kuyesa kuti dzina latha, zotsalazo niziona ngati lamulo losamveka. Webusaiti imagwa pa a Ng'andu okha, a Banda ndi a Zulu akudutsa bwino. Izi si zoseketsa cabe. Mpata womwewo ndiwo akuba a pa intaneti amalowera, polemba malamulo ao m'danga la dzina kuti aone kapena afafanize kaundula yense. Mankhwala ake adziwika kalekale, amati prepared statements, kutanthauza kutumiza funso palokha ndi dzina palokha. Mnyamata aliyense amene akonzera parishi kapena kopaletivu webusaiti, muyeseni pamenepa. Muuzeni alembetse a Ng'andu inu mukuona.

Kwa mlimi, nthawi yokonza dzina ndi nthawi ya kulembetsa, osati tsiku lotenga feteleza. Pitani kwa alangizi a zaulimi a kampu yanu ndi citupa ceniceni, osati nambala ya pamtima kapena yolembedwa pa cikuto ca kope la mwana. Apempheni akuwerengereni zimene zili m'kompyuta, nambala imodziimodzi, pamodzi ndi nambala ya foni. Ngati munasintha simu, nenani. Cinthu cikakana pasitolo, lembani mau enieni amene aoneka pagalasi, tsiku ndi ola, kapena mujambule. Kuuza ofesi ya zaulimi kuti "yakana" sikuthandiza aliyense, monga kuuza dokotala kuti "m'thupi simuli bwino". Ndipo polipira ndalama pafoni kapena kubanki, galasi likaima, musafulumire kudinanso. Kawirikawiri ndalama imakhala yapita kale, yankho ndilo lasocera panjira. Yembekezani uthenga, sungani lisiti, ndipo nambala yanu yacinsinsi musapatse munthu, ngakhale anene kuti akuthandizani kufufuza dzina.

Kwa maparishi amene ayamba kuika mabuku a ubatizo, ukwati ndi mtulo m'kompyuta, maganizo anga ndi akuti n'cinthu cabwino, koma buku la pepala lisatayidwe. Ndipo komiti ifunse mafunso asanalipire wokonza. Kodi kope lina la nkhokweyo lisungidwa kuti? Likakhala pa kompyuta yomweyo, ndiye kuti mphezi imodzi kapena mbala imodzi itenga zonse ziwiri. Kodi kopelo linayesedwapo kubwezeredwa? Ambiri amazindikira kuti kope lao n'lopanda kanthu tsiku limene alifuna. Nanga mau acinsinsi otsegulira seva ali ndi ndani? Akakhala m'mutu mwa mnyamata mmodzi, tsiku limene adzapeza nchito ku Kitwe kapena ku Johannesburg parishi idzatsala kunja kwa nyumba yake yomwe. Mauwo alembedwe, aikidwe m'envelopu yomata kwa abambo mfumu ndi kwa wapampando wa khonsolo.

Pali ndi lamulo. Kuyambira mu 2021 dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, ndipo maina, manambala a NRC ndi a foni ndi zina mwa zimene limateteza. Mlembi wa kopaletivu amene amatumiza mndandanda wonse wa mamembala pa gulu la WhatsApp kuti aliyense adzifufuze yekha, adziwe kuti wapereka zitupa za anthu makumi asanu kwa aliyense amene adzagwira foni ya mmodzi wa iwo. Kuli bwino kuitana msonkhano pansi pa mtengo, aliyense abwere ndi citupa cake, aone mzere wake wokha.