Munthu amene ankajambula thambo

Anzanga, ena mumandiseka mukandipeza ndikujambula kumapeto kwa kope la masamu. Lero ndikuuzeni za munthu amene anandiyambitsa zimenezi. Dzina lake ndi Eugène Boudin, wa ku France. Zithunzi zake ndinaziona pa foni ya achimwene atabwera kutchuthi.

Boudin anabadwa mu 1824 ku Honfleur, tauni ya padoko kumpoto kwa France. Bambo ake ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, naye ali mwana anagwirako m'sitima yoyenda pakati pa Honfleur ndi Le Havre. Atakula anatsegula shopu ya mapepala ndi mafelemu a zithunzi. Kujambulako zambiri anaphunzira yekha.

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankajambulira m'nyumba. Iye ayi. Ankanyamula penti ndi maburashi n'kukakhala pagombe. Mukaona zithunzi zake za gombe la Trouville mudzadabwa. Anthu olemera ali pamipando ndi maambulera awo, koma ndi timadontho chabe m'munsimu. Malo aakulu watenga ndi thambo. Poyamba ndinkati ndiye kuwononga pepala kumeneko, koma kenako ndinamvetsa. Madzi amabwereka mtundu kuthambo. Mitambo ikada nyanja imada, dzuwa likasuzumira mchenga wonyowa umang'anima. Tsono kuwala sikudikira munthu. Ukangoti uwerame kusakaniza penti, mtambo wasuntha kale. N'chifukwa chake ankajambula mwachangu, ndipo pa zojambula zina ankalembapo tsiku, nthawi ndi mphepo ya tsikulo.

Ku Le Havre anakumana ndi mnyamata wosakwana zaka 20 amene ankajambula nkhope za anthu mowaseka. Anamukakamiza kuti apite naye kukajambulira panja. Mnyamatayo poyamba ankazemba, koma anapita. Ameneyo ndi Claude Monet, amene anadzatchuka kuposa Boudin weniweniyo. Boudin anamwalira mu 1898 ku Deauville, pafupi ndi nyanja yomweyo.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo, koma pali dambo limene ndimadutsa pobwera kuno. Lolemba m'ma 6 koloko linali lotuwa ngati phulusa chifukwa cha nkhungu. Pobwerera madzulo madzi omwewo anali ofiirira ngati njerwa. Ndalijambula kawiri ndi makrayoni a mng'ono wanga, nthawi ndalemba pakona. Cha m'mawacho chinandichedwetsa, moti amene munandiona ndikusesa kuseri kwa labu, chifukwa chake n'chimenecho.